A Chinkhuntha: mlimi amene anathirira zipatso popanda pampu

Ndikamaphunzitsa za potential energy, ena mumaganiza kuti ndi zamayeso basi. Ayi ndithu. Ku Dowa, kufupi ndi kwathu kuno ku Chiwamba, kuli munda wa Tikondwe Freedom Gardens umene malemu Dr Glyvyns Chinkhuntha anayambitsa mu 1982. Anayamba ndi kadimba kakang'ono m'dambo, kenako kanakula kukhala munda wa nthochi, malalanje, masitiroberi ndi ndiwo zamasamba. Chonde ankachipeza ku manyowa, osati feteleza wogula.

Nanga madzi amafika bwanji ku mbewu popanda injini? Amawapatutsa chakumtunda, n'kuwayendetsa m'ngalande mpaka m'mabedi okumbidwa motsikirapo. Taonani masamu ake: lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi. Ikatsika mamita 2, mgh imatipatsa 1 × 10 × 2, omwe ndi ma joule 20. Mphamvu imeneyi ndi yaulere, sifuna petulo.

Koma pali chinsinsi. Ngalande ikatsetsereka kwambiri, madzi amathamanga n'kukokolola nthaka. Ikakhala yosatsetsereka, amaima n'kulowa pansi asanafike pa mtengo. Luso lagona pa kuyeza malo bwino.

Mitengo ya zipatso imafunanso madzi m'chilimwe, ndipo mbande ikauma mu Okutobala, ntchito ya chaka chonse yapita. N'chifukwa chake alimi ndi ophunzira akhala akupita kumundaku kukaona njirayi. Inuyo, kayang'aneni dimba la kwanu: madzi ali pamwamba kapena pansi pa mabedi? Ndi mamita angati?