Bwanji akafukufuku alumpha nyumba yanu?

Akafukufuku a boma akafika m'midzi ngati ya kwa Mfumu Malama m'boma la Mambwe, amalowa nyumba zina n'kulumpha zina. Madandaulo sachedwa kumveka, ati nyakwawa yakondera abale ake. Zoona zake n'zakuti nyakwawa sisankha nawo nyumbazo. Zimasankhidwa mwa maere.

Kalembera, monga wa mu 2022, amawerenga munthu aliyense. Kafukufuku amafunsa mabanja ochepa oimira dziko lonse. Zonse ziwiri amayendetsa ndi a Zambia Statistics Agency, bungwe lokhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2018.

Pa kafukufuku wa zaumoyo wa mu 2018 anayamba ndi kusankha madera ang'onoang'ono 545 m'dziko lonse. M'dera lililonse analemba mndandanda wa mabanja onse, kenako anatengapo mabanja 25. Poyambira pamndandandapo pamagwera maere, ndipo kuchokera pamenepo amadumpha nambala yofanana ya mabanja mpaka 25 atakwana. Banja likasankhidwa, wofunsa mafunso saloledwa kulisintha ndi lina, ngakhale banjalo likhale kutsidya kwa mtsinje.

Osewera makadi amalidziwa lamulo la maereli: amayamba asakaniza, kenako n'kugawa, kuti wogawa asasungire mnzake khadi labwino. Njira yosakaniza mndandanda mosakondera anaifotokoza Ronald Fisher ndi Frank Yates mu 1938, ndipo Richard Durstenfeld anaikonza kuti igwire pakompyuta mu 1964. Kompyuta imachita maere kuchokera pa nambala yoyambira. Nambala yoyambira ikakhala yomweyo, zotsatira zimatulukanso zomwezo, choncho wokayika angathe kubwereza maerewo n'kudzionera yekha ngati panali chinyengo.

Maerewa amateteza anthu akutali. Akafukufuku akanamasankha okha, bwenzi akuthera pa nyumba za m'mbali mwa msewu wa ku Mfuwe, ndipo mavuto a m'midzi yomwe njira zake zimaduka nthawi ya dzinja sakanamveka kwa okonza mapulani a zipatala ndi masukulu.

Kusankhidwa si kulembedwa kuti mulandire chimanga kapena ndalama, ndipo kulumphidwa si kumanidwa kanthu. Akafika pakhomo panu, afunseni chitupa cha ntchito, kenako yankhani zoona. Lamulo limawaletsa kuulula mayankho anu kwa wina aliyense, ndipo zomwe munganene zikuimira mabanja ambiri omwe sanafunsidwe.