Zinyalala za m'tauni: tingazisamale bwanji ndi ndalama zocepa?

Kumudzi banja lililonse lili ndi dzala lake kuseri kwa nyumba. Koma m'tauni malo ndi ocepa ndipo anthu ndi ambiri. Nkhondo itatha mu 1992, anthu amene anathawira ku Malawi anabwerera, ndipo Ulónguè inayamba kukula. Mu 2008 tauniyi inakhala munisipiyo, ndiye kuti nchito yocotsa zinyalala inagwera akuluakulu a tauni eni ake. Nanga ndalama zake zicokera kuti?

Coyamba ticidziwe ndi ici: cimene cimadya ndalama zambiri si kusesa ai, koma kunyamula. Galimoto ifuna mafuta, matayala ndi makaniko. Conco nzeru yagona pa kucepetsa katundu wonyamulayo. Tayang'anani mulu wa pamsika: masamba a kabici, tomato woola, makoko a mbatata, phulusa ndi dothi. Zambiri mwa izi zimaola. Zikaikidwa pa zokha, kuziunjika, kuzithira madzi pang'ono ndi kuzitembenuza, pakapita miyezi itatu kapena inai zimasanduka manyowa. Kuno ku Angónia, kumene feteleza amalira ndalama zambiri, kutaya zimenezi n'kutaya cakudya ca munda.

Caciwiri, kutolera m'makwalala. Ku Maputo, m'madera amene galimoto silowa, timagulu ta anthu a komweko timatolera zinyalala khomo ndi khomo ndi ngolo zokankha, zija amati txova, n'kukazisiya pa malo amodzi pamene galimoto imadzatenga. Ife kuno tili ndi ngolo za ng'ombe, zosamwa mafuta.

Cacitatu, msonkho. Ku Maputo komweko msonkho wa zinyalala umalipiridwa pamodzi ndi magetsi a EDM, ndipo wogwiritsa nchito magetsi ambiri amalipiranso zambiri. Njirayi imateteza wosauka, koma kumene nyumba zambiri zilibe magetsi siikwanira. Pamenepo gawo la ndalama za matikiti a pamsika liyenera kupatulidwa, ndipo anthu auzidwe poyera mmene zayendera. Munthu salipira mokondwa ngati mulu uli pompo.

Cacinai, malo otayira. Akhale kutali ndi zitsime, madambo ndi nyumba, ndipo zinyalala zizikwiriridwa ndi dothi. Pa 19 February 2018, mvula yamphamvu itagwa, phiri la zinyalala la ku Hulene, ku Maputo, linagumukira nyumba usiku n'kupha anthu osacepera 16. Kuotcha mapulasitiki nakonso si mankhwala, utsi wake umaononga cifuwa.

Dzinja likafika, ngalande zotsekeka ndi mapulasitiki zimasunga madzi, udzudzu uswana, nchenche zicuruka, kenaka malungo ndi kutsegula m'mimba. Ndalama zimene takana kupereka pa ukhondo timakazisiya kucipatala. Tsono nkhaniyi ikambidwe pa misonkhano ya m'bairo ndi m'makalasi a sukulu ya kwaca mvula isanayambe.