Nyama zachipeso za m'nyanja zamchere ndi malo ake pa mtengo wa chibale

Mabuku a sayansi a m'Chipwitikizi amatchula gulu lina la nyama kuti ctenóforos. Ana a ku Angónia kapena ku Lago sanazionepo, chifukwa zimakhala m'nyanja zamchere zokha. M'nyanja ya Niassa ndi mumtsinje wa Zambezi mulibe. Dzinali lidachokera ku mawu a Chigiriki otanthauza "chonyamula chipeso", choncho mphunzitsi akati "nyama zachipeso" sadalakwe.

Thupi lake ndi lofewa, loonekera mkati, ndipo mbali yaikulu ndi madzi. Pathupipo pali mizere 8 ya timaubweya tating'onoting'ono tolumikizana ngati mano a chipeso. Timaubweyati timapalasa madzi motsatizana, nyamayo nkumayenda. Palibe nyama ina yaikulu kuposa izi imene imasambira mwa njira yotere. Kuwala kukagunda pa zipesozo kumamwazika, nkuoneka ngati utawaleza ukuyenda pathupi.

Poziona, munthu angati ndi alforreca, ndipo kwa nthawi yaitali akatswiri ankaziika m'gulu limodzi. Koma alforreca imaluma ndi timaselo taululu, pamene nyama zachipeso siziluma. Zambiri zili ndi tizingwe tiwiri tokhala ndi maselo omata ngati ulimbo, ndipo tinyama tating'ono tikakhudza timakakamira pomwepo. Zina, monga Beroe, zilibe tizingwe. Zimangomeza zinzake zamtunthu.

Nkhani yovuta ndi ya chiyambi chake. Kale ambiri ankavomereza kuti nthambi yoyamba kupatuka pa mtengo wa chibale cha nyama ndi ya masiponji a m'nyanja. Zinkamveka bwino: siponji ilibe mitsempha ya uthenga, ilibe minofu, imangokhala pamwala nkumasefa madzi. Mu 2008 gulu la Casey Dunn, litayerekeza majini a nyama zambiri, lidapeza kuti zidayamba kupatuka ndi nyama zachipeso. Ambiri adatsutsa, ndipo mkangano udapitirira. Mu 2023 Darrin Schultz ndi anzake adaona mmene majini adandandalikidwira pa makromozomu, napeza kuti dongosolo la nyama zachipeso likufanana ndi la tamoyo ta selo imodzi tachibale ndi nyama, pamene masiponji akugawana dongosolo lina ndi nyama zonse zotsala. Umboni umenewu ndi wamphamvu, ngakhale alipobe akatswiri amene ali kumbali ya siponji.

Ngati zili choncho, funso limabuka, chifukwa nyama zachipeso zili ndi mitsempha ndi minofu. Mwina mitsempha idayamba kawiri m'nthambi zosiyana, kapena makolo a masiponji anali nayo nkudzaitaya. Mayankho onse awiri akugwetsa chithunzi chimene chimajambulidwa kawirikawiri pabolodi, cha makwerero oyambira pa nyama "yosavuta" mpaka pa munthu. Mtengo wanthambi ndi umene ukuyenera pamenepa. Ana amene amadziwa kuti mbumba imawerengedwa potsata mayi wobereka, osati potengera nkhope, sangavutike kumva chifukwa chake alforreca ndi nyama zachipeso zili m'magulu osiyana.

Mawu amodzi oyenera kupewa pomasulira ndi "nsomba". Mwana akamva nsomba amaganiza za minga, mamba ndi zipsepse, ndipo nyama zachipeso zilibe chilichonse mwa zimenezi.