Thomas Stevens ndi Njinga Yace Yaitali

Njinga tiidziwa tonse. Iri ndi magudumu awiri olingana, ndi unyolo, ndi matayala opopa. Koma njinga ya caka ca 1884 sinali yotero. Gudumu lace la patsogolo linali lalikuru ndithu, la pambuyo laling'ono ngati lichero, ndipo unyolo panalibe. Zopondera zinali pa gudumu lalikurulo, ndipo wokwera anakhala pamwamba pace, miyendo yace yosafika pansi. Pa njinga yotere munthu wina dzina lace Thomas Stevens anazungulira dziko lapansi, ndiye woyamba kucita ici.

Stevens anabadwira ku Berkhamsted m'dziko la England m'caka ca 1854, napita ku America akali mnyamata kukafuna nchito. Pa 22 April 1884 anacoka ku San Francisco, mudzi wa m'mbali mwa nyanja ya Pacific, nalunjika kum'mawa. Katundu wace anali wocepa: masokosi, malaya amodzi osinthira, mfuti yaing'ono, ndi copfunda ca mvula cimene usiku cinasanduka hema wace kapena mphasa yace. Njinga yaitali iribe malo omangapo mtolo waukuru.

Gudumu la patsogolo kutalika kwace kunali mainchesi 50, ndiwo msinkhu wa mwana wa zaka 8 kapena 9. Tsono tengani masileti anu muwerenge. Gudumu lotere likazungulira kamodzi liyenda mapazi 13, ndipo m'mailo imodzi muli mapazi 5,280. Cotero Stevens anapalasa monga ka 400 kuti athe mailo imodzi yokha. Ici ndico cifukwa cace amisiri anakuza gudumulo: popeza panalibe unyolo wocurukitsa liwiro, gudumu lalikuru ndilo linafulumiza ulendo.

Koma ukuru womwewo unali ndi tsoka lace. Wokwera anakhala pamwamba peni peni pa gudumu, ndipo likagunda mwala kapena likatitimira mumcenga, linaima dzidzidzi, mwini wace nauluka pamwamba pa zigwiriro, nagwa camutu. Stevens anagwa motere nthawi zambiri. Potsika phiri zopondera zinazungulira msanga koposa miyendo ya munthu, pakuti sizinatha kuima gudumu liri kuyenda. Pokwera phiri njinga inakana, mwini wace natsika, naikankha. Cabwino cimodzi cinalipo. Matayala ace anali a mpira wokha wokha wopanda mpweya, cotero minga sinamcititsa kanthu. Matayala opopa a njinga anadza pambuyo pace, m'caka ca 1888, ndi nzeru ya John Dunlop.

Masiku a ulendo sanalingana konse. Kumadzulo kwa America miseu yabwino kunalibe masiku amenewo, koma njira za ngolo zokha ndi njanji. M'mapiri a Sierra Nevada munali cipale cofewa cambiri, ndipo Stevens anayenda pansi m'kati mwa zisakasa zazitali za matabwa zimene anthu a njanji anamanga kuchinjiriza njanjiyo. Mumdima umenewo khutu lace linali chire kumvera sitima. Tsiku lina sitima inampeza ali pakati pa ulalo wautali wa njanji, popanda pothawira. Iye anakhala kunsonga ya mtanda wa ulalowo, nalenjeketsa njinga yace kunja ndi manja, kufikira sitima itapita. Atatsika m'mapiri analowa m'cipululu ca Nevada, momwe mcenga unali wakuya ndi madzi osowa. Kumeneko anakankha njinga tsiku lathunthu, nagona m'tinyumba ta anthu osunga njanji.

Mwina kunaca bwino, njira youma ndi yolimba, mphepo iri kumbuyo, ndipo mailosi anatha ngati masewera. M'mawa mwace mvula inagwa, matope namatirira ku gudumu kufikira silinatha kuzungulira, ndipo anaima kawiri kawiri kulipala ndi kamtengo. Mitsinje yopanda ulalo anaoloka atasenza njinga, madzi ozizira ali m'cuuno. Mphepo ya kumaso ndiyo mdani woipa koposa wa munthu wa pa njinga, kuposa phiri lomwe. Pakuti phiri uliona pothera pace, ndipo tsidya lace utsika mokondwa, koma mphepo siioneka, ndiponso sibwezera kanthu.

Anafika ku Boston, m'mbali mwa nyanja ya Atlantic, pa 4 August 1884, atayenda mailosi monga 3,700. Masiku onse anapitirira pang'ono 103, ndipo mwa amenewa monga 20 sanayenda konse cifukwa ca mvula ndi zina zomcedwetsa. Mukagawa mupeza kuti pa tsiku anayenda mailosi monga 36, kucepera pang'ono mtunda wocokera ku Blantyre kufika ku Zomba. Wina angati, nanga ndi zimenezi zokha? Mnyamata wamphamvu atha kuyenda mtunda wotere tsiku limodzi. Inde atha, koma adzukenso m'mawa mwace, ndi mkuja, miyezi itatu, matako ali kuwawa ndi zobvala zosauma. Ndiponso limodzi la magawo atatu a ulendo umenewu Stevens anauyenda ndi mapazi, ali kukankha njinga.

Atapumula nyengo ya cisanu, eni a nyuzipepala ina dzina lace Outing anapangana naye kuti apitirire, azilemba zimene aona, iwo namlipira. Anaoloka nyanja pa sitima, nacoka ku Liverpool m'mwezi wa May 1885. Miseu ya ku France inali yosalala, ndipo anakondwera nayo. Anapyola Germany, Austria, Hungary, Serbia ndi Bulgaria, nafika ku Constantinople, mudzi umene lero uchedwa Istanbul.

Kuyambira pamenepo cobvuta cinasintha. Ku America analimbana ndi mcenga ndi matope. Ku Turkey ndi ku Persia, dziko limene lero lichedwa Iran, analimbana ndi cidwi ca anthu. Anthu a m'midzi imeneyo anali asanaone njinga cibadwire. Akafika madzulo, wotopa ndi wanjala, khamu linamzinga, lonse liri kupfuula kuti akwere aone. Akakwera kamodzi, anadza ena amene anali kumunda, nafuna kuonanso. Mwina anamkakamiza kukwera pa malo a miyala pamene njinga siingayende, osamvetsa kuti cinthu cimene cacoka kutali kotere cingalephere pabwalo pao. Tisawaseke anthu amenewa. Cinthu cotere cikadafika pa sukulu yathu ife tisanacione, sindikhulupira kuti mmodzi wa inu akadatsala m'kalasi. Ndipo anthu omwewo ndiwo anampatsa mkate ndi cambiko ndi pogona, ena osalandira ndalama; kukwera kwace kunali ngati malipiro a cakudya. Ku Tehran anakwera pamaso pa Shah, ndiye mfumu ya dzikolo, nakhala m'mudzimo nyengo yonse ya cisanu.

M'mwezi wa March 1886 ananyamukanso. Akuru a boma la Russia anamkaniza njira ya ku Siberia, ndipo iye anakhotera ku Afghanistan kuti atulukire ku India. Atabvutika masabata ambiri m'cipululu, akuru a dzikolo anamgwira, namletsa kupitirira, nambweza ku Persia ndi asilikari omperekeza. Pa zobvuta zonse za ulendo, ici ndiyesa ndico cinawawa koposa, pakuti India sinali kutali, koma kuti akafike kumeneko anabwerera m'mbuyo kufikira ku Constantinople, nakwera sitima ya pamadzi yopita ku Karachi.

Ku India anapeza mseu wabwino woposa yonse ya ku Asia, dzina lace Grand Trunk Road, wolimba ndi wa mitengo ya mthunzi m'mbali. Anautsata kucokera ku Lahore kufikira ku Calcutta. Kumeneko mdani anali dzuwa. Ku China kunali kwina: njira zinali tinjira topapatiza ta pakati pa minda ya mpunga, cinenero sanacidziwa ngakhale kufunsa njira, ndipo m'mudzi wina khamu lokwiya linamponya miyala, cisoti cace colimba nicimpulumutsa mutu. Akuru a boma anambisa, namturutsa ndi asilikari, ndipo mbali ina ya ulendowo anayenda m'ngalawa. Pambuyo pa zimenezi dziko la Japan linamkomera ndithu, ndi miseu yace yosamalika ndi nyumba za alendo zaukhondo.

Anafika ku Yokohama pa 17 December 1886, atayenda ndi njinga mailosi monga 13,500, nakwera sitima kubwerera ku San Francisco, kumene anafika m'mwezi wa January 1887. Nkhani ya ulendo wace anailemba m'mabuku awiri. M'caka ca 1889 anadza kum'mawa kwa Africa, wopanda njinga, atatumidwa ndi nyuzipepala ya ku New York kukafuna Henry Morton Stanley, yemwe uja anapeza Dr. Livingstone ku Ujiji m'caka ca 1871. Ndipo anakomana naye Stanley ali kutsikira kunyanja. Stevens anamwalira ku London m'caka ca 1935.

Njinga yaitali sinakhalitsa. M'caka ca 1885, Stevens akali pa ulendo, mmisiri wina wa ku Coventry dzina lace John Kemp Starley anapanga njinga yaifupi ya unyolo yochedwa Rover, imene wokwera atha kuponda pansi akafuna kuima. Zitapita zaka zowerengeka anthu anaileka yaitali ija, ndipo lero ipezeka m'nyumba zosungiramo zinthu zakale.