Njira ya Zitsime 51: Masabata Atatu M'cipululu ca Australia

Kumadzulo kwa dziko la Australia kuli njira yochedwa Canning Stock Route, imene imayambira pa katauni ka Wiluna kum'mwera ndi kukathera kufupi ndi Halls Creek kumpoto. Utali wace ndi makilomita 1,850. Njirayi ilibe phula, ilibe milatho, ndipo imadutsa m'zipululu zitatu, zimene maina ace ndi Little Sandy, Gibson ndi Great Sandy. Munthu angathe kuyenda masiku angapo osaona mudzi, munda ngakhale utsi wa pa nyumba ya munthu.

Komabe caka ndi caka, kuyambira mwezi wa May kufikira September pamene kunja kwazizirako, magulu a alendo amalipira ndalama zambiri kuti namulondola awatsogolere pa njira imeneyi. Ulendowo umatenga masabata awiri kapena atatu, ndipo usiku uliwonse amagona pa msasa. Ambiri amanyamuka ndi mtima wofuna kukaona mcenga wofiira ndi nyenyezi, koma asanafike pakati amazindikira kuti m'cipululu moyo wa munthu uli pa zinthu ziwiri: madzi, ndi munthu wodziwa kumene kuli madziwo.

Kukonzekera ulendo

Namulondola wodziwa nchito yace salola galimoto kunyamuka asanaiyang'ane yekha. Magalimoto oyenda kumeneku ndi aja amphamvu okoka ndi mawilo onse anai. Lililonse limanyamula matayala apadera, fosholo, zingwe zokokera, mankhwala, zigubu za madzi ndi mafuta ocuruka, pakuti kucokera ku Wiluna kukafika ku Kunawarritji, mudzi wokhawo wa pakati pa njira pamene pali sitolo ndi pogulitsira mafuta, ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 1,000. Alendo ena amakwera galimoto la namulondola, ena amayendetsa ao ndi kumatsata pambuyo pace mondondozana. Wina aliyense ayeneranso kukhala ndi cikalata ca cilolezo cocokera kwa eni dziko, cifukwa mbali yaikuru ya njirayi ili m'dziko la anthu akuda amene anakhalamo Azungu asanafike.

Cifukwa coyendera pagulu ndi codziwikiratu. M'miyezi yotentha, kutentha kumapitirira madigiri 45, ndipo munthu wopanda madzi sakhalitsa. M'caka ca 2005 amuna awiri amene analowa m'cipululuci paokha, pa kanjira kodutsana ndi Canning, anapezeka atafa ndi ludzu pafupi ndi galimoto lao limene linaonongeka. Makilomita ocepa cabe kucokera pamene anafera panali mjigo wa madzi abwino, koma iwo sanadziwe. Akale anati safunsa anadya phula. Pa cifukwa cimeneci namulondola amanyamula telefoni yolankhula kupyolera m'makina a m'mlengalenga, kuti ngati wina wadwala kwambiri aitane madokotala oyenda pa ndege a bungwe la Royal Flying Doctor Service, limene linayambitsidwa ndi mbusa John Flynn m'caka ca 1928. Lamulo loyamba limene mlendo amauzidwa ndi lakuti galimoto likafa, asalisiye ndi kuyamba kuyenda pansi, cifukwa ofunafuna ali m'mwamba amaona galimoto msanga kuposa munthu.

Tsiku la paulendo

M'cipululu kumaca kozizira kwambiri, ndipo m'miyezi ya June ndi July nthawi zina madzi a m'ndowa amagwira ayezi. Alendo amadzuka m'bandakuca, amamwa tiyi wophikidwa m'citini pa moto, napinda zogonera zao. Ambiri safuna hema. Amagona m'cofunda ca nsaru yolimba cokhala ndi kamatiresi m'kati, cimene anthu a kumeneko amacicha swag. Nsapato sazisiya panja, cifukwa agalu a m'thengo ochedwa dingo amabwera usiku ndi kuzitenga.

Nchito yaikuru ya tsikulo ndi kukwera zitunda za mcenga, zimene pa njira yonse zilipo mazanamazana. Asanayambe, oyendetsa amaphwetsako matayala kuti apondetse bwino ndi kusatitimira. Galimoto lililonse limamangidwa ndodo yaitali yokhala ndi mbendera, ndipo woyendetsa akayandikira citunda amalengeza pa wailesi, pakuti wocokera kutsidya saoneka kufikira onse awiri atakumana pamwamba. Galimoto likalephera, limabwerera cambuyo ndi kuyesanso. Likatitimira, onse amatsika, amuna ndi akazi omwe, nagwira mafosholo. Pamene palibe mcenga, njira ili ndi mizere ngati ya malata, imene imagwedeza galimoto mpaka misomali kumasuka. Pa tsiku lathunthu gulu lingayende makilomita 100 okha kapena kupitirirapo pang'ono.

Bvuto lina ndi udzu wobaya wochedwa spinifex. Udzuwu uli ndi utomoni, ndipo ukaunjikana kunsi kwa galimoto pafupi ndi paipi yotulutsa utsi umayaka moto. Namulondola amaimitsa gulu kawirikawiri kuti aliyense agwade ndi kuukokolola ndi waya. M'mbali mwa njira muli mitembo ya magalimoto amene eni ace ananyozera langizo limeneli.

Dzuwa likapendeka amafuna malo omangapo msasa, makamaka pansi pa mitengo. Ena amatola nkhuni, ena amakanda ufa wa tirigu ndi madzi ndi mcere, nauika mu mphika wacitsulo wokwiriridwa m'makala kuti upse mkate wochedwa damper. Madzi osamba amapimidwa ndi kapu. Nchenche zimene zimasautsa usana wonse zimatha kukada, ndipo pamenepo mpamene namulondola amayamba kusimba mbiri ya njirayi.

Nkhupakupa ndi golide

Njirayi inalambulidwa cifukwa ca ng'ombe. Kuciyambi kwa zaka za m'ma 1900, alimi a ku Kimberley kumpoto anali ndi ng'ombe zambiri, pamene kum'mwera migodi ya golide inadzaza ndi anthu ofuna nyama. Koma ng'ombe za kum'mawa kwa Kimberley zinali ndi nkhupakupa zofalitsa matenda okodzetsa magazi, motero boma linaletsa kuzitengera kum'mwera. Ena anaganiza kuti ng'ombezo zitayenda pansi kudutsa m'cipululu couma, nkhupakupa zidzafera m'njira. Boma la Western Australia linabvomereza, nilituma wopima malo, Alfred Canning, kukafuna njira yokhala ndi madzi.

Canning ananyamuka ku Wiluna m'caka ca 1906 ndi ngamila 23. Kuyambira 1908 kufikira 1910 anabwereranso ndi amuna 30, ngamila 70 ndi mbuzi zoposa 250 za ndiwo ndi mkaka, nakumba zitsime ndi kuzichinga ndi matabwa. Malo omwera onse anapatsidwa manambala, kuyambira 1 kufikira 51, ndipo mpaka lero alendo amawerenga ulendo wao ndi manambalawo. Zitsime zambiri zinagumuka, zina madzi ace ndi amcere, koma zina zinakonzedwanso ndi anthu odzipereka. Pa zotere alendo amaponya ndowa ya pa cingwe, natunga madzi amene ayenera kuwiritsidwa asanamwedwe.

Pali funso limene namulondola woona mtima salilumpha: kodi mlendo ngati Canning anadziwa bwanji pokumba m'dziko limene anali asanalionepo? Yankho lace ndi lowawa. Cipululuci sicinali copanda anthu. Munali a Martu, a Wangkajunga, a Walmajarri ndi mitundu ina, amene kwa zaka zikwi zambiri anadziwa kasupe aliyense ndi malo alionse pamene madzi amabisala pansi pa mcenga. Malowo anali ndi maina, ndipo ana anawaphunzira mwa nyimbo, kotero kuti wodziwa nyimbo anadziwanso njira. Gulu la Canning linagwira amuna a mitunduyi, niliwamanga maunyolo m'khosi kuti awalondolere ku madzi. Zidzukulu zao zimasimba kuti ena anadyetsedwa zamcere kuti ludzu liwakakamize kuulula. Wophika wa gululo, Edward Blake, ananena za nkhanzazi poyera, ndipo m'caka ca 1908 boma linakhazika kabungwe kofufuza. Canning sanakane za maunyolo, koma kabungweko sikanampeze ndi mlandu.

Zitsime zambiri zinakumbidwa pa madzi enieni a eni dziko kapena pambali pace. Munthu amene kale ankafukula mcenga ndi manja ndi kumwa, tsopano anapeza dzenje lakuya la matabwa limene sakanatha kutsikamo, ndipo ena anagweramo ndi kufa. Cotero anayamba kuthyola ndi kutentha zipangizo za pa zitsime, ndipo mwazi unakhetsedwa mbali zonse ziwiri. Pa citsime ca nambala 40 pali manda a Michael Tobin, wa m'gulu la Canning, amene analasidwa ndi mkondo m'caka ca 1907 pa nthawi yomweyo imene iye anaombera womlasayo, nafa onse awiri. Pa nambala 37 pali manda a abusa a ng'ombe atatu amene anaphedwa m'caka ca 1911, ndipo apolisi otumidwa kukabwezera anapha anthu a m'cipululu. Manda a Azungu ali ndi zizindikiro zimene alendo amajambula. A eni dziko alibe.

Pambuyo pa zonsezi, njirayi sinapindule monga anayembekezera. Abusa anaiopa, ndipo ngakhale Canning anabwerera kudzakonza zitsime m'caka ca 1930 ali ndi zaka 70, maulendo a ng'ombe onse pamodzi anali pafupifupi 35 okha. Ng'ombe zotsiriza zinadutsa m'caka ca 1959. Galimoto linayenda njira yonse kwa nthawi yoyamba m'caka ca 1968. Ngamila zimene Azungu anabwera nazo ku Australia zinatayidwa m'thengo pamene magalimoto anacuruka, ndipo zinaswana kwambiri. Alendo amakondwa kuziona zitaima pa citunda, koma eni dziko amadandaula cifukwa zimaononga akasupe.

Eni dziko abwerera

Pang'ono ndi pang'ono anthu a m'cipululu anasamukira ku mamishoni ndi ku mafamu a ng'ombe, ena cifukwa ca cilala, ena potsata abale ao, ena mocita kutengedwa. M'caka ca 1964 akazi ndi ana 20 a mtundu wa Martu, amene anali asanakumanepo ndi Mzungu, anapezeka kufupi ndi Percival Lakes ndi anchito a boma amene anali kucotsa anthu m'dera loyeseramo mizinga. M'caka ca 1977, pa nthawi ya cilala coopsa, nkhalamba ziwiri, Warri ndi mkazi wace Yatungka, zinatengedwa m'cipululu ca Gibson kupita ku Wiluna, kumene lero kuli cifanizo cowakumbukira.

Koma a Martu sanaiwale kwao. M'zaka za m'ma 1980 anayamba kubwerera ndi kumanga midzi monga Punmu, Parnngurr ndi Kunawarritji. M'caka ca 2002 khoti linagamula kuti dera la masikweya kilomita 136,000 ndi lao mwa mwambo wa makolo. Nyanja youma ya mcere imene Mzungu Frank Hann anaicha Lake Disappointment m'caka ca 1897, pokhumudwa kuti sanapezemo madzi akumwa, inabwezeredwa dzina lace la Kumpupintil m'caka ca 2020. Alendo amaima m'mphepete ndi kuona kuyera kwace, koma amapemphedwa kusapondamo, pakuti kwa a Martu ndi malo oopsa okhalamo mizimu yodya anthu.

Lero anyamata ndi atsikana a Martu amagwira nchito yoyang'anira dziko lao pansi pa bungwe la Kanyirninpa Jukurrpa, motsogozedwa ndi akuluakulu. Amafukula akasupe okwiririka, amateteza tinyama tosowa, ndiponso amatentha chire pang'onopang'ono m'nyengo yozizira, monga anacitira makolo ao, kuti moto waukuru wa m'cilimwe usowe podutsa. Pa malo opserera amai amatsata mapazi a ng'azi ndi kuzikumba ndi ndodo. Mbiri ya njirayi monga aidziwira eni dziko inajambulidwa ndi amisiri ao, ndipo zithunzizo zinaonetsedwa ku nyumba yosungiramo zakale ya dziko lonse ku Canberra m'caka ca 2010, pa cionetsero cochedwa Yiwarra Kuju.

Cikalata ca cilolezo cimene mlendo amanyamula cili ndi malamulo ace: asapatuke pa njira, asalowe malo opatulika, asatole kanthu, ndipo asasambe ndi sopo pafupi ndi madzi akumwa. Pa Durba Springs, cigwa cokongola ca matanthwe ofiira, udzu wobiriwira ndi mitengo ya bulugamu, pamene magulu ambiri amapumula masiku awiri kuti acape ndi kukonza magalimoto, pali zithunzi zakale za pa miyala zimene ayenera kuziona ndi maso okha osazikhudza. Mlendo ndi mame, sacedwa kukamuka, koma cimene waononga cimatsalira eni mudzi.

Gulu likapitirira citsime ca nambala 51 ndi kufika pa mudzi wa Billiluna, oyendetsa amapopanso matayala, nalowa mseu waukuru wopita ku Halls Creek, kumene kuli madzi a pa mpopi ndi kama wofewa. Ambiri amafika atada ndi fumbi lofiira, zobvala zitang'ambika, koma ali amoyo, cifukwa anamvera amene anawatsogolera. Namulondola nayenso sanayende mwa nzeru zace zokha. Zitsime zambiri zimene anaimapo zinayamba kudziwika ndi anthu amene anamwapo kalekale, ndipo zidzukulu zao ndizo zimapereka cilolezo ca kudutsapo lero.