Zimene mtengo wakale wa masheya umanena, ndi zimene sunena

Amene waonapo tchati cha mtengo wa masheya a kampani ya Apple amagwira pakamwa. Mzere umakwawa pansi zaka zambirimbiri, kenako n'kuima chilili. Kampaniyi inalowa pamsika wa masheya pa 12 Disembala 1980, sheya imodzi ikugulitsidwa $22. Koma mukafufuza chaka chimenecho pa tchati cha lero, $22 simuipeza. Mupeza masenti pafupifupi 10, ndipo amene analemba sanalakwitse.

Ambiri timakhulupirira kuti nambala yolembedwa pa tsiku lakale ndiyo ndalama imene wogula anatulutsa m'thumba tsikulo. N'zomveka kuganiza choncho. Kungoti sheya ya lero si yofanana kukula ndi ya nthawi imeneyo. Apple yakhala ikugawa sheya iliyonse kukhala zingapo: mu 1987, 2000 ndi 2005 imodzi inkasanduka ziwiri, mu 2014 inasanduka 7, mu 2020 inasanduka 4. Amene anagula imodzi mu 1980 n'kuisunga, lero ali nazo 224. Olemba matchati amagawa $22 ija ndi 224 kuti dzulo lifanane ndi lero, n'chifukwa chake pamatuluka masenti 10.

Tchati chosakonzedwa motere chimaopseza pachabe. Mu Juni 2014 sheya ya Apple inatseka sabata ili pa $645, sabata yotsatira n'kuyambira cha pa $92. Wosadziwa akhoza kuyesa kuti kampani yapsa. Palibe amene anataya kanthu. Zinali ngati kusintha K5,000 kukhala ma K1,000 asanu: mapepala achuluka, ndalama ndi yomweyo. Choncho musanayerekeze mtengo wa zaka khumi zapitazo ndi wa lero, funsani ngati kampaniyo inagawapo masheya, kapena inapatsapo eni ake masheya owonjezera aulere.

Apa m'pamene chikhulupiriro china chimathera mphamvu, chakuti sheya ya K10 ndi yotchipa ndipo ya K5,000 ndi yodula. Nambalayo payokha sinena kanthu, chifukwa imadalira kuti kampani inadzigawa zidutswa zingati. Berkshire Hathaway ya Warren Buffett sinagawepo masheya ake a gulu A, ndipo mu 2022 sheya imodzi inapitirira $500,000. Sikuti imeneyi ndiyo kampani yodula kuposa onse padziko. Kutchipa kapena kudula kumaoneka mukaika mtengo pambali pa phindu limene kampani imapeza pa sheya iliyonse. Sheya ya K10 imene imabala tambala 20 pachaka ndi yodula kwambiri kuposa ya K5,000 imene imabala K1,000.

Chikhulupiriro chimene chadya ndalama za anthu ambiri n'chakuti mtengo umene unafikapo pamwamba udzabwereranso pomwepo. Munthu amaona kuti sheya inali pa 80, lero ili pa 30, ndiye amati yatsika mtengo, tigule, ikwera. Kapena amene anagula pa 80 amakakamira, akuti sagulitsa mpaka ndalama yake ibwerere. Maganizo amenewa sachokera ku umbuli, chifukwa nthawi zambiri mitengo imagwadi n'kudzukanso. Vuto n'lakuti msika sukumbukira kuti inu munagula pa zingati, ndipo ulibe ngongole ndi inu.

Cisco, kampani ya ku America yopanga zipangizo zoyendetsera intaneti, inafika cha pa $80 mu Malichi 2000, nthawi imene anthu ankagula chilichonse chonunkhira intaneti. Pofika 2002 inali itatsika mpaka pansi pa $10. Kampaniyo sinafe ayi, inapitiriza kugulitsa katundu ndi kupanga phindu, koma panadutsa zaka zoposa 20 mtengo uja usanaonekenso. Cholakwika chinali $80 ija, imene inali mtengo wa chiyembekezo chopitirira muyeso. Ku Japan, Nikkei 225, muyeso wa msika wonse, inafika pachimake mu Disembala 1989 ndipo inadzapitirira pamenepo mu Febuluwale 2024. Munthu amene anagula ali ndi zaka 40 anadikira mpaka 74. Masamu akenso ndi ouma mtima: mtengo ukagwa ndi theka, uyenera kuwirikiza kawiri kuti mungobwerera pomwe munali.

Masheya ena sabwerera n'komwe. Abale athu ambiri a ku South Africa amaidziwa nkhani ya Steinhoff, kampani yaikulu ya masitolo a mipando ndi katundu wa m'nyumba. Pa 5 Disembala 2017 mkulu wake Markus Jooste anatula pansi udindo, zitadziwika kuti mabuku a zachuma anali ndi chinyengo. Sheya imene inali pamwamba pa R45 inatsika mpaka pansi pa R10 sabata yomweyo, ndipo mu 2023 kampaniyo inachotsedwa pamsika. Amene anagula pa R10 akuti atola mwayi, nawonso analira. Tchati cha zaka zam'mbuyo sichikanawachenjeza, poti mitengo yonse ija inkatsatira mabuku abodza.

N'chifukwa chakenso mawu akuti "ndikadagula Apple kalelo" amafunika kuwamva mofatsa. Timaonera tchati cha Apple chifukwa inapulumuka. Mu 1997 inali pafupi kugwa, mpaka Microsoft, mdani wake pamalonda, inaikamo $150 miliyoni. Makampani ena a makompyuta amene ankaoneka amphamvu m'zaka zomwezo, monga Commodore imene inagwa mu 1994, matchati awo palibe amene amawatumizirana pa WhatsApp.

Kwathu kuno nkhaniyi ili ndi mbali ina, ndipo ndikuona kuti ndiyo yofunika kuposa zonsezi. Malawi Stock Exchange ya ku Blantyre inayamba malonda a masheya mu Novembala 1996, NICO italowa koyamba. Kuchokera nthawi imeneyo mitengo yonse imalembedwa mu kwacha, koma kwacha ya chaka china si kwacha ya chaka chinzake. Mu Meyi 2022 inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti. Mu Novembala 2023 dola imodzi inachoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Tiyerekeze sheya imene inali pa K118 izi zisanachitike: inali yofanana ndi masenti 10 a dola. Kuti ikhalebe masenti 10 inayenera kufika pa K170. Mwini wake akanaona kuti yakwera kufika pa K150 akanasangalala, tchati chikanamuvomereza, chonsecho feteleza ndi mafuta zamuthawa. Kukwera kwa mzere kumayamba kukhala phindu pokhapokha kukaposa kukwera kwa mitengo ya zinthu.

Sindikunena kuti masheya a kuno sapindulitsa. FDH Bank inagulitsa masheya ake koyamba pa K10 mu 2020, ndipo pofika kumapeto kwa 2024 anali atapitirira K100, kukwera kumene kunaposa kugwa kwa kwacha kutalitali. Koma kuti mudziwe zimenezi mwachita kuyerekeza ndi chinthu china. Wina angayerekeze ndi MASI, muyeso wa masheya onse a pamsika wathu, wina ndi chiwongoladzanja chimene akadapeza pobwereketsa boma ndalama yomweyo. Tchati chokha sichikanakuuzani.

Palinso kakhalidwe ka msika waung'ono. Makampani a pamsika wathu ndi ochepa, ndipo masheya ambiri ali m'manja mwa eni akuluakulu, makampani a inshuwalansi ndi osunga ndalama za penshoni, amene sagulitsagulitsa. Sheya ina imatha masiku mtengo wake osasuntha. Wina amati imeneyo ndiyo yokhazikika, yosapatsa nkhawa. Kawirikawiri chimene chachitika n'chakuti palibe amene wagula kapena kugulitsa, ndiye mtengo wa malonda omaliza ukungolembedwanso tsiku ndi tsiku. Pambali pa mtengo pamakhala nambala ya masheya amene agulitsidwa tsikulo, ndipo ambiri saiwerenga. Mtengo umene wapangidwa ndi masheya 500 sukutsimikizirani kuti mukabweretsa 200,000 wogula apezeka pamtengo womwewo.

Tchati chimabisanso ndalama imene kampani imagawira eni masheya kuchokera pa phindu lake, ija amati dividend. Makampani awiri akhoza kukhala ndi mzere wofanana, koma ina yakhala ikulipira chaka chilichonse, inayo ayi. Ndiponso likadutsa tsiku lomaliza loti wogula alandire nawo dividend, mtengo umakonda kutsikako pang'ono, poti ndalamayo ikutuluka m'kampani. Malo ngati Yahoo Finance amalemba mitengo iwiri, wotsekera tsiku ndi wina wowerengera dividend. Wofuna kudziwa kuti mwini sheya anapindula zingati ayang'ane wachiwiriwo.

Nanga mitengo yakaleyi ntchito yake n'chiyani? Ilipo, ndipo ndi yaikulu. Imakuonetsani kuti sheya imeneyi inagwapo kufika pati pa nthawi yovuta, kuti mudzifunse ngati mungapirire zoterozo osagulitsa mwamantha. Mukaiika pambali pa malipoti a pachaka a kampani, mumaona ngati mtengo wakhala ukukwera limodzi ndi phindu kapena wathamanga wokha, phindu n'kutsalira. Imathandizanso pa nkhani za chuma cha masiye. Mabanja ena amapeza satifiketi ya masheya m'sutikesi ya malemu bambo, yogulidwa nthawi imene boma linkagulitsa makampani ake. Nambala yolembedwa papepalapo mwina siikufanananso ndi masheya amene alipo lero, ndipo pakhoza kukhala dividend ya zaka zingapo imene palibe anakatenga. Banja lotere lisachulukitse nambalayo ndi mtengo wa m'nyuzipepala n'kuyamba kugawana. Lipite kaye kwa ogulitsa masheya ovomerezeka, monga Stockbrokers Malawi kapena Continental Capital, kapena ku ofesi yosunga kaundula wa eni masheya a kampaniyo, akawerengere kuchokera tsiku limene malemuwo anagula.