MPHIKA WA PANYUMBA NDIWO MLONDA WA IMPSO

Munthu akapatsidwa impso yatsopano m'cipatala, abale ambiri aganiza kuti mabvuto onse atha. Koma nchito yaikulu yotsala ili m'manja mwa amene aphika panyumba, pakuti impso imene mbale wapereka mwacikondi ingathe kuonongeka ndi zakudya zosayenera.

Impso ziwiri za munthu zili kumsana, kumunsi kwa nthiti, ndipo iliyonse ikula ngati nkhonya. Nchito yake ndi kusefa magazi. Pa tsiku limodzi zisefa madzi okwana malita 180, koma ambiri abwerera m'thupi, ndipo otuluka monga mkodzo ndi lita imodzi kapena awiri cabe. Matenda amene aononga impso koposa ndi a shuga ndi kuthamanga kwa magazi, kumene anthu achula kuti BP. Akulu anati cakudza siciimba ng'oma: impso zingafooke kwa zaka zambiri mwini wake osamva kuwawa.

Mdani woyamba ndiye mcere. Bungwe la zaumoyo la dziko lonse, la WHO, lilangiza kuti munthu wamkulu asapitirire magalamu 5 pa tsiku, ndiko kuti kasupuni kamodzi ka tiyi. Mcere wambiri ubisala m'kapenta wouma, nsomba zoumika ndi mcere, masoseji ndi zokometsera msuzi zogula m'sitolo. Amai anzeru abviika kapenta m'madzi ofunda ndi kutaya madziwo asanaphike, nakometsa ndiwo ndi anyezi, adyo kapena mandimu.

Kwa munthu amene impso zake zafooka kale, malamulo asintha. Impso zotere zilephera kucotsa potasiyamu, mcere wina wopezeka m'zomera, ndipo akaculuka m'magazi angaimitse mtima. Potasiyamu ali wambiri mu nthoci, makotapeya, mbatata, kandolo ndi matimati. Cidulo coceza kucokera ku phulusa, cimene aphikira delele, cili naye wambirinso, pamene soda wogula aonjezera mcere wokweza BP. Masamba onga cibwabwa ndi bondwe ayenera kudulidwa, kuwiritsidwa m'madzi ambiri, ndipo madziwo atayidwe. Kuculuka kwa nyama, nyemba ndi madzi akumwa kuyenera kupimidwa ndi dotolo, cifukwa wodwala amene atsukidwa magazi pa makina katatu pa sabata afuna zomanga thupi zambiri kuposa mnzace amene sanayambe.

Njira yoika impso ya munthu wina inapambana koyamba m'caka ca 1954 ku Boston m'dziko la America, pamene Dotolo Joseph Murray anasamutsa impso pakati pa mapasa. Muno m'Zambia, madotolo a pa cipatala cacikulu ca UTH mu Lusaka anacita opaleshoni yotere m'caka ca 2018.

Wolandira impso apeza ufulu wakudya zambiri zimene analetsedwa kale, koma alowa m'cilango cina. Ayenera kumwa mankhwala masiku onse kuti thupi lisakane impso yacilendo, ndipo mankhwalawo acepetsa mphamvu ya thupi yolimbana ndi tizilombo. Cifukwa cace cakudya cimene cingotsegula m'mimba mwa munthu wamba cingathe kumgoneka m'cipatala iyeyu. Madzi ndi mkaka wa kukhola ziyenera kuwiritsidwa. Mazira, nyama ndi nsomba zipse bwino. Zipatso zitsukidwe ndi madzi aukhondo, ndiwo zogona zitenthetsedwe mpaka kuwira, ndipo zakudya zogulitsidwa m'mbali mwa mseu zipewedwe, makamaka nyengo ya dzinja pamene kolera abuka.

Cipatso cimodzi ncoletsedwa kotheratu. Ici ndi manyumwa, ofanana ndi malalanje akuluakulu koma owawa. Madzi ace acititsa mankhwala onga tacrolimus ndi cyclosporine kuunjikana m'magazi kufikira apweteka impso imene anafunika kuiteteza. Mankhwala ena, a prednisolone, autsa njala ndi kukweza shuga m'thupi. Motero nsima icepe pa mbale, masamba aculuke, ndipo zakumwa zotsekemera ndi zokazinga m'mafuta ambiri zikhale za apo ndi apo.

Cenjezo lina likhudza onse, odwala ndi athanzi omwe. Mapiritsi opha ululu onga brufen ndi diclofenac atopetsa impso akamwedwa kawirikawiri, ndipo wolandira impso sayenera kuwamwa popanda cilolezo ca dotolo. Cimodzimodzinso mankhwala a zitsamba, amene mphamvu yace siipimidwa.

Mutu umodzi susenza denga. Wodwala sangasunge malamulo amenewa yekha ngati banja lonse lidyera pa mphika wa mcere wambiri. Kucepetsa mcere kwa onse sikufuna ndalama, ndipo kuteteza ana ndi akulu omwe. Tsiku lokumbukira impso pa dziko lonse licitika caka ndi caka pa Cinai caciwiri ca mwezi wa March, koma palibe cifukwa coyembekezera tsikulo. Aliyense amene ali ndi shuga kapena BP, ngakhalenso amene ali ndi mbale wodwala impso, apite ku cipatala capafupi kukapimitsa magazi ndi mkodzo nthawi ikalipo.